Chifukwa Chake Basi Yodalirika Imanyamuka Isanadzaze

Anthu akamadandaula za mabasi a mumzinda, mlandu umagwera dalaivala ndi kondakitala. Amati basi ikuthamanga mopitirira muyeso, ikuima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ikuchedwa pa siteji podikira kuti mipando idzaze, kapenanso ikupanikiza anthu. Madandaulo amenewa ndi oona, koma ife amene timagwira ntchito yokonza kayendedwe ka anthu m'mizinda timadziwa kuti khalidwe la basi pamsewu silichokera kwenikweni mumtima mwa munthu amene wagwira chiwongolero. Limachokera ku mayankho a mafunso awiri amene amakambidwa m'maofesi. Loyamba ndi lakuti ndani ali ndi mphamvu yokonza njira ndi nthawi ya mabasi. Lachiwiri ndi lakuti mwini basi ndi antchito ake amalandira ndalama chifukwa cha chiyani, kuchuluka kwa anthu amene anyamula kapena ulendo umene ayenda pa nthawi yake. Kwa zaka zoposa 350 mizinda yakhala ikuyankha mafunso amenewa mosiyanasiyana, ndipo zotsatira zake amazimva ndi munthu amene waima pa siteji.

Ntchito yonyamula anthu mkati mwa mzinda inayamba kuoneka monga mmene timaidziwira lero ku Paris m'mwezi wa Malichi 1662. Mmodzi mwa amene anaiyambitsa anali Blaise Pascal, katswiri wa masamu, pamodzi ndi anzake olemera amene anapeza chilolezo kwa mfumu Louis XIV. Ngolo zawo zinkakokedwa ndi akavalo ndipo iliyonse inkanyamula anthu 8. Ngolo zochita kubwereka zinalipo kale, choncho chachilendo sichinali ngoloyo ayi, koma malamulo amene inkayendera. Inkadutsa njira imodzimodzi tsiku ndi tsiku, mtengo wake unali umodzi wodziwika kwa aliyense, makobidi 5 a nthawiyo otchedwa sol, ndipo inkanyamuka nthawi yake ikakwana, kaya yadzaza kaya mulibe munthu ndi mmodzi yemwe. Lamulo lomalizali ndi limene limachititsa kuti munthu athe kukonza tsiku lake modalira galimoto imene si yake. Ntchitoyi sinakhalitse, chifukwa bwalo lalikulu la malamulo la mzindawo linaletsa asilikali, antchito a m'nyumba za olemera ndi anthu a ntchito zamanja kukwera ngolozo. Anthu amene akanazidzaza tsiku lililonse ndi amene anatsekeredwa kunja, mtengo unakwezedwa, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1670 ngolozo zinali zitasiya kuyenda.

Panapita zaka pafupifupi 150 kuti ganizoli libwererenso. Mu 1826 Stanislas Baudry, amene anali ndi chigayo komanso malo osambira madzi otentha kumalire a mzinda wa Nantes ku France, anayamba kuyendetsa ngolo yoti izimubweretsera makasitomala. Anazindikira kuti anthu akukwera ngoloyo koma akutsikira panjira osafika kosambirako, motero anaona kuti malonda enieni ali pa kunyamula anthuwo. Mu 1828 anakayambitsa ntchitoyi ku Paris, ndipo mu Julayi 1829 George Shillibeer anayambitsa yofanana nayo ku London, pakati pa Paddington ndi Bank, ndi ngolo ya anthu 22 yokokedwa ndi akavalo atatu.

Zimene zinatsatira ku London zimamveka ngati nkhani ya lero. Eni ngolo anachuluka pa njira zopindulitsa, oyendetsa ankathamangitsana kuti afike poyamba pamene pali anthu, ena ankatsekereza anzawo, ndipo makondakitala ankasunga gawo la ndalama m'thumba mwawo popeza panalibe njira yowerengera amene akwera. Kampani ya London General Omnibus Company itayambitsa matikiti mu 1891, antchito ake ananyanyala ntchito, ndipo nkhani ya matikitiyo inali chimodzi mwa zifukwa zake pamodzi ndi kutalika kwa maola a ntchito. Paris inatenga njira ina msanga, pakuti mu 1855 makampani onse a ngolo anaphatikizidwa kukhala kampani imodzi imene inapatsidwa mzinda wonse. Kuyambira nthawi imeneyo njira ziwirizi, mpikisano wa pamsewu ndi ulamuliro wa bungwe limodzi, zakhala zikusinthana m'mizinda ya dziko lonse.

Kusintha kwa makina kunayenda mofulumira. Akavalo anali okwera mtengo, chifukwa ngolo imodzi inkafuna akavalo pafupifupi 10 kapena kupitirira apo osinthana pa tsiku, ndipo onsewo ankafuna chakudya, khola ndi owasamalira. Kuika njanji mumsewu, monga anachitira ku New York mu 1832, kunathandiza kuti kavalo azikoka anthu ambiri. Matenda a chimfine cha akavalo atabuka ku North America mu 1872, mayendedwe anaima m'mizinda ingapo ndipo anthu anaona kuopsa kodalira ziweto. Sitima za mumsewu zoyendera magetsi, zotchedwa tram, zinayamba ku Lichterfelde pafupi ndi Berlin mu 1881, ndipo Frank Sprague anaonetsa ku Richmond, m'chigawo cha Virginia, mu 1888 kuti zingathe kutumikira mzinda wonse ngakhale m'malo a zitunda. Basi yoyamba ya injini inayenda ku Germany mu 1895, pakati pa Siegen, Netphen ndi Deuz, ndipo ngakhale inatha m'miyezi yochepa, pofika 1911 kampani yaikulu ya ku London ija inali itasiya kugwiritsa ntchito akavalo.

Basi ya injini inabwera ndi ufulu umene njanji inalibe, pakuti aliyense wokhala ndi galimoto akanatha kuyamba kunyamula anthu. Mu 1914 eni magalimoto ang'onoang'ono ku Los Angeles anayamba kutola anthu pa masiteji a tram, ndipo m'chaka chimodzi mchitidwewu unafalikira m'mizinda yambiri ya ku America kufikira malamulo okhwima a ziphaso ndi inshuwalansi ataufooketsa. Ku London, m'zaka za m'ma 1920, eni mabasi odziimira paokha ankalimbirana okwera pa njira zonona, ndipo mapeto ake mu 1933 mabasi, tram ndi sitima za pansi pa nthaka zinaikidwa pansi pa bungwe limodzi la London Passenger Transport Board. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, magalimoto a anthu paokha anachuluka m'maiko olemera, okwera basi anachepa, misewu inathinana, ndipo makampani ambiri a mabasi anayamba kugwa. Maboma anakakamizika kulowererapo, monga ku America kumene lamulo la 1964 linatsegula njira yakuti boma lalikulu lizipereka ndalama zothandizira mayendedwe a m'mizinda.

Kuti timvetse chifukwa chimene kuthinana kwa magalimoto kumagwetsera kampani ya mabasi, tiyenera kuona masamu amene wokonza ndandanda amayamba nawo. Tiyerekeze kuti basi imatenga mphindi 50 kuchoka kumapeto amodzi a njira kukafika kumapeto ena, mphindi 50 zina pobwerera, komanso mphindi 10 zopumira mbali iliyonse. Ulendo wathunthu wopita ndi kubwera ndi mphindi 120. Ngati tikufuna kuti basi izidutsa pa siteji mphindi 10 zilizonse, tigawa 120 ndi 10, ndipo tipeza kuti njirayo ikufuna mabasi 12 pamsewu nthawi imodzi, aliyense ndi dalaivala wake. Tsopano tiyerekeze kuti msewu wathinana ndipo ulendo wa mbali imodzi wafika mphindi 65. Ulendo wathunthu ukhala mphindi 150, ndipo kuti okwera asaone kusintha pafunika mabasi 15. Kampani iyenera kugula mabasi 3 ena ndi kulemba madalaivala ena popanda kunyamula munthu mmodzi woonjezera. Ngati ndalama zimenezo palibe, mabasi 12 omwewo azidutsa mphindi 12 ndi theka zilizonse, adzaza kwambiri, anthu ena asiya kuwadalira ndi kupeza njira zina zoyendera, msewu uthinanso kuposa kale, ndipo vutoli lizingokulirakulira.

Masamu omwewo akatembenuzidwa amaonetsa phindu la kupatsa mabasi mbali yawoyawo ya msewu. Ulendo ukatsika kufika mphindi 40, mabasi 10 okha akwanira kugwira ntchito imene inkafuna 12, kapena mabasi 12 aja angathe kudutsa pafupifupi mphindi 8 zilizonse pa ndalama zomwezo. Pa chifukwa chimenechi ndimaona kuti mzere wa penti umene umalemekezedwa ndi kutetezedwa ndi apolisi a pamsewu, pamodzi ndi maloboti opereka mpata kwa basi pa mphambano, nthawi zambiri umathandiza okwera kuposa kugula mabasi atsopano okongola amene akaimanso pa mzere womwewo wa magalimoto.

Mphindi zopumira kumapeto kwa njira anthu ambiri amaziona ngati kutaya nthawi, ndipo amakwiya akaona basi yaima yopanda anthu pamene iwo akudikira. Zoona zake ndi zakuti mphindi zimenezo ndi zimene zimameza kuchedwa kwa ulendo wapita kuti kusalowe mu ulendo wotsatira, komanso zimapatsa dalaivala mpata wotambasula miyendo ndi kupita kokadzithandiza. Ndandanda yopanda mpata umenewu imaoneka yotchipa papepala koma imasokonekera dzuwa lisanafike paliwombo.

Chinthu china chimene chimadabwitsa okwera ndi chakuti munthu amadikira nthawi yaitali kenako mabasi awiri kapena atatu a njira imodzi amafika motsatizana. Ambiri amaganiza kuti madalaivala amachita kupangana, koma vutoli limabadwa lokha, ndipo akatswiri awiri, Gordon Newell ndi Renfrey Potts, analifotokoza mwa masamu mu 1964. Basi ikachedwa pang'ono pa chifukwa chilichonse, imapeza anthu ochulukirapo pa siteji yotsatira popeza akhala ndi nthawi yaitali yosonkhana. Kukweza anthu ambiri kumaichedwetsanso, ndipo pa siteji ina imapeza ochulukanso kuposa pamenepo. Basi ya kumbuyo imapeza masiteji atangosesedwa kumene, siichedwa paliponse, ndipo posakhalitsa imaipeza inzake. Chiwerengero cha mabasi sichinasinthe, koma wokwera amamva kusiyana kwakukulu. Mabasi akamadutsa mphindi 10 zilizonse mosaphonya, munthu wofika pa siteji nthawi ina iliyonse amadikira pafupifupi mphindi 5. Akamayenda awiriawiri mphindi 20 zilizonse, kudikirako kumafika mphindi 10, ndipo basi yoyamba imakhala yodzaza pamene yachiwiri ili ndi mipando yopanda anthu. Mankhwala ake ndi oyang'anira amene amaona mabasi onse pa kompyuta kudzera mu GPS ndi kulamula basi ina kuti idikire pang'ono pa siteji yosankhidwa. Choncho basi imene yaima mphindi ziwiri popanda chifukwa chooneka nthawi zina imakhala ikuteteza anthu ambiri amene ali kutsogolo kwa njirayo.

Nthawi imatayikanso pa khomo la basi. Ngati munthu aliyense atenga masekondi 5 oonjezera kufunafuna ndalama ndi kudikira chenji, ndipo anthu 60 akwera pa ulendo umodzi, basi yataya mphindi 5. Ichi ndi chifukwa chachikulu chimene mizinda inayambira kugwiritsa ntchito makhadi olipiriratu, monga Octopus ya ku Hong Kong mu 1997 ndi Oyster ya ku London mu 2003, ndipo mabasi a ku London anasiya kulandira ndalama yapamanja mu 2014. Kutalikirana kwa masiteji nakonso kumakhudza liwiro. Okonza njira amakonda kuwaika motalikirana mamita 300 mpaka 500, chifukwa akayandikana kwambiri basi imangoima osapita patsogolo, ndipo akatalikirana kwambiri okalamba, amayi oyembekezera ndi anthu olumala amavutika kufikako.

Vuto lokwera mtengo kuposa onse ndi lakuti anthu amafuna kuyenda nthawi imodzi, m'mawa popita ku ntchito ndi kusukulu ndi madzulo pobwerera. Chiwerengero cha mabasi amene kampani iyenera kukhala nawo chimatengera maola ochepa amenewa, ndipo masana ambiri mwa iwo amangokhala ku depoti pamene ngongole yogulira ikuyendabe. M'mawa basi imadzaza polowa mumzinda ndi kubwerera ilibe anthu. Pamwamba pa zimenezi, basi imodzi kapena ziwiri pa mabasi 10 aliwonse zimayenera kutsala ku galaja kuti amakaniko azikonze ndi kuti pakhale yolowa m'malo ina ikafera panjira. Kampani imene yayamba kutulutsa mabasi onse tsiku lililonse popanda otsala imakhala ikudya mbewu, chifukwa pakangopita miyezi yochepa mabasi owonongeka amayamba kuunjikana ku depoti.

Palinso chisankho chimene katswiri sangachipange yekha, chifukwa ndi cha anthu ndi atsogoleri awo. Ndi mabasi ochepa amene alipo, mzinda ungathe kuwaunjika pa misewu ikuluikulu yochepa kuti azidutsa pafupipafupi ndi kunyamula anthu ambiri, kapena kuwamwaza m'madera onse kuti aliyense akhale ndi basi pafupi ngakhale ikhale yobwera kamodzi pa ola. Zolinga ziwirizi ndi zabwino, koma ndalama imodzi siingakwanitse zonse mokwanira. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kulamula kuti basi ifike kudera kumene kuli anthu ochepa pofuna chilungamo, kenako ndi kuidzudzula kuti siikubweretsa ndalama, pamene cholinga chake sichinali chimenecho kuyambira pachiyambi.

Tsopano tibwerere ku funso la malipiro, pakuti zonse zimene ndafotokozazi, ndandanda, mphindi zopumira ndi kudikira pofuna kusunga mpata pakati pa mabasi, zimatheka pokhapokha ngati dalaivala sataya kanthu pozitsatira. M'mizinda yambiri ya mu Africa, Asia ndi Latin America, makampani a mabasi a boma anafooka m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 chifukwa mitengo yokwerera inkasungidwa pansi pamene mafuta ndi zipangizo zinkakwera, ndipo thandizo la boma silinkabwera mokwanira. Mpata umene unatsala unadzazidwa ndi maminibasi a anthu paokha. Ku Kenya anali atavomerezedwa kale mu 1973, pamene pulezidenti Jomo Kenyatta analola kuti maminibasi a kumeneko, otchedwa matatu, azinyamula anthu popanda chiphaso chapadera. Maminibasi ayenera kupatsidwa ulemu wake, chifukwa amanyamula anthu mamiliyoni tsiku lililonse popanda thandizo la boma, amafika m'madera atsopano mwachangu, ndipo amapereka ntchito kwa anthu ochuluka kwambiri.

Koma taonani mmene ndalama imayendera mkati mwake. Kawirikawiri mwini galimoto amauza dalaivala ndalama imene ayenera kubweretsa madzulo aliwonse, dalaivala amagula yekha mafuta, ndipo chimene chatsala ndi chimene amagawana ndi kondakitala. Munthu amene ali pa mgwirizano woterewu mpando uliwonse wopanda munthu umadula chakudya cha ana ake. Sanganyamuke pa depoti galimoto isanadzaze, sangalole mnzake kumupitirira pamene kutsogolo kuli anthu, sangapite kudera la anthu ochepa usiku, ndipo amagwira ntchito maola ochuluka mpaka kutopa kumamugonjetsa. Popeza galimoto imachoka pa depoti yodzaza kale, anthu a pakati pa njira amangoiona ikudutsa, ndipo ena amayamba ayenda kubwerera kumbuyo kuti akakwerere poyambira. Apolisi angathe kuchepetsa zina mwa zimenezi kwa kanthawi, koma malinga ngati malipiro akuwerengedwa pa mutu wa munthu, khalidweli limabwereranso.

Njira ina ndi yakuti bungwe la mzinda likonze njira, nthawi ndi mtengo, lizitolera ndalama zonse za okwera m'thumba limodzi, kenako lizilipira makampani malinga ndi makilomita amene mabasi awo ayenda, ndi kuonjezera kapena kudula malipirowo potengera kusunga nthawi, ukhondo ndi chitetezo. Mpikisano umakhalapobe, koma umachitika pa tebulo pamene makampani akulimbirana kontirakiti ya zaka zingapo, osati pamsewu pamene pali miyoyo ya anthu. Dziko la Britain linayesa njira ziwirizi nthawi imodzi. Mu Okutobala 1986 mabasi a kunja kwa London anamasulidwa kotero kuti kampani iliyonse yokhala ndi chiphaso inkatha kusankha njira, nthawi ndi mtengo wake, pamene ku London ulamuliro wa njira ndi mitengo unatsala m'manja mwa bungwe la boma ndipo makampani ankangopikisana pa makontirakiti. M'mizinda ina kunabuka kulimbirana okwera kwa kanthawi, kenako makampani akuluakulu ochepa anameza ang'onoang'ono. M'zaka zotsatira okwera basi anatsika m'mizinda yambiri ya kunja kwa London, pamene ku London anakwera kwambiri, makamaka bungwe la Transport for London litakhazikitsidwa mu 2000. Si chilungamo kunena kuti makontirakiti okha ndi amene anachititsa zimenezi, chifukwa London inalandiranso ndalama zambiri zothandizira mabasi ndipo mu 2003 inayamba kulipiritsa magalimoto olowa pakati pa mzinda, koma popanda ulamuliro wa njira ndalamazo sizikanatha kuwongoleredwa kumene zinkafunika.

Mzinda wa Curitiba ku Brazil, motsogozedwa ndi meya Jaime Lerner, unatsegula misewu ya mabasi okha mu 1974, ndipo mu 1991 unaonjezera masiteji otchingidwa kumene munthu amalipira asanakwere ndi kulowa m'basi popanda kukwera masitepe. Bogotá, ku Colombia, inatengera chitsanzo chimenechi ndi kutsegula ntchito ya mabasi yotchedwa TransMilenio mu Disembala 2000, mumzinda umene kulimbirana okwera kunali koopsa kwambiri. Mu Africa, Lagos inayamba mu 2008, Johannesburg inatsegula Rea Vaya mu Ogasiti 2009, ndipo Dar es Salaam inayamba kuyendetsa mabasi ake pa msewu wa Morogoro mu Meyi 2016. Alendo akapita kukaona ntchito zimenezi amachita chidwi ndi mabasi aatali ndi masiteji a magalasi, koma gawo lovuta kwambiri linali zokambirana ndi eni maminibasi amene njirazo zinali moyo wawo. Ku Johannesburg eni maminibasi amene anakhudzidwa anapereka magalimoto awo ndi kukhala eni masheya a kampani yoyendetsa mabasi atsopanowo. Ku Dakar, likulu la Senegal, kuyambira mu 2005, eni magalimoto akale anasonkhanitsidwa m'magulu, anapatsidwa ngongole yogulira maminibasi atsopano, ndipo anavomera njira zokhazikika, masiteji odziwika ndi matikiti. Ndimaona kuti chitsanzo cha Dakar chili ndi phunziro lalikulu kwa mizinda yopanda ndalama zomangira misewu yatsopano, chifukwa chinayamba ndi anthu amene anali kale pa ntchitoyo.

Kukonza kwa bungwe limodzi nakonso kungathe kulakwika, ndipo kukalakwika kumapweteka mzinda wonse nthawi imodzi. Mu Febuluwale 2007 mzinda wa Santiago ku Chile unasintha njira zonse za mabasi pa tsiku limodzi. Mabasi anachepetsedwa kwambiri, misewu yapadera yambiri inali isanamalizidwe, makina olondolera mabasi sankagwira ntchito bwino, ndipo anthu amene kale ankayenda ndi basi imodzi anayenera kusintha kawiri kapena katatu. Anthu anaima pa masiteji nthawi yaitali, sitima za pansi pa nthaka zinadzaza mopitirira, ndipo boma, limene linkayembekeza kuti ntchitoyo izidzilipirira yokha, linakakamizika kuyamba kuithira ndalama chaka ndi chaka.

Nkhani ya thandizo la boma ndi imene atsogoleri ambiri safuna kuimva, koma walira mvula walira matope. Basi imene imanyamuka pa nthawi ngakhale isanadzaze, imene imayenda usiku ndi tsiku la Sabata, imene ili ndi dalaivala wa malipiro a pamwezi ndi maola oyenera, ndiponso imene imakonzedwa isanawonongeke, imadya ndalama zambiri kuposa zimene okwera osauka angathe kulipira. M'mizinda yochuluka ya ku Ulaya ndi ku America ndalama za matikiti zimangokwanira gawo la zowonongedwa, ndipo zotsalazo zimachokera ku misonkho. Ku France, kuyambira m'zaka za m'ma 1970, olemba anthu ntchito m'mizinda amalipira msonkho wapadera wa mayendedwe, pa mfundo yakuti nawonso amapindula antchito awo akamafika pa nthawi. Malo ena anafika pochotseratu mtengo wokwerera, monga Tallinn, likulu la Estonia, imene inachita zimenezi kwa nzika zake mu 2013 ndi dziko la Luxembourg mu 2020. Maganizo anga ndi akuti kumene ndalama ndi zochepa, ndi bwino kuyamba ndi kuchulukitsa maulendo ndi kuchepetsa mtengo kwa ana a sukulu, okalamba ndi osauka, chifukwa basi yaulere imene imabwera kamodzi pa ola siithandiza munthu amene ayenera kufika ku ntchito 7 koloko.

Mabasi oyendera mabatire akufalikira mofulumira, ndipo mzinda wa Shenzhen ku China unamaliza kusintha mabasi ake onse, oposa 16,000, kukhala a magetsi mu 2017. Amachepetsa utsi ndi phokoso, koma amabweretsa masamu atsopano kwa wokonza ndandanda, chifukwa nthawi yotchajira iyenera kulowa mu ulendo wathunthu uja, ndipo depoti imafuna magetsi amphamvu osazimazima. Amakhalanso okwera mtengo pogula ngakhale ndi otchipa poyendetsa, kotero mwini basi mmodzi sangawakwanitse popanda kontirakiti yaitali imene banki ingaikhulupirire.

Kontirakiti yolipira pa kilomita ili ndi zofooka zake zimene wowerenga ayenera kuzidziwa. Kampani ikadziwa kuti ilandira ndalama kaya mwakwera anthu kaya ayi, dalaivala angathe kudutsa siteji osaima kapena kusalabadira amene sanalipire, choncho bungwe la mzinda limayenera kukhala ndi oyendera, makina olondolera mabasi ndi akatswiri odziwa kuwerenga zimene makinawo akuonetsa. Liyeneranso kulipira makampani pa nthawi yake mwezi uliwonse, pakuti malipiro akachedwa mabasi amasiya kukonzedwa ndipo amachepa pamsewu. Ngakhale zili choncho, mizinda ina imene inayesa kusiya zonse m'manja mwa msika ikubwerera ku njira imeneyi. Chigawo cha Greater Manchester chinayamba kutenganso ulamuliro wa njira, nthawi ndi mitengo ya mabasi ake mu Seputembala 2023, patapita zaka 37 chimasulidwireni mabasi, ndipo chinachita zimenezi m'magawo atatu mpaka kumaliza mu Januwale 2025, pofuna kuti ma depoti, madalaivala ndi makina a matikiti akhale okonzeka dera lililonse lisanasinthidwe.